Ngongole kuno, mbumba kumudzi

Kwathu ku Dowa ngongole imakhala ndi nkhope. Amene anakukongoza umamudziwa, khomo lake umalidziwa, ndipo ukamuona akutulukira poteropo umadziwiratu ngati lero ndi lomulambalala kapena lomugwira mwendo. Ngakhale wakatapila wouma mtima chotani, ndi munthu amene mumakumana naye pamaliro ndi kuchigayo, ndipo zikafika pothina umatha kutuma mkulu wina kuti akamupemphe adikire mpaka fodya alowe ku okushoni. Kuno ku England ngongole ilibe nkhope. Imabwera m'makalata, m'mauthenga a pafoni, ndi m'mawu a munthu amene sunamuonepo, amene amayamba wakufunsa tsiku lako lobadwa asananene chimene wakuimbira. Palibe mkulu woti umutume. N'chifukwa chake ambiri a ife timangoisenza tokha kwa zaka, osauza munthu.

Ine ndili pa ndondomeko yobweza ngongole pang'onopang'ono, imene kuno amaitcha Debt Management Plan, kapena kuti DMP. Ndinalowamo mu 2023 ndipo sindinamalize. Ndachita dala kulemba ndisanamalize, chifukwa nkhani za ngongole timakonda kuzimva kwa amene anathana nayo kale, ululu utazirala, zitasanduka umboni wa m'tchalitchi. Za amene akubwezabe sitizimva. Koma ndikayang'ana Amalawi anzanga amene timakumana nawo Lamlungu kuno ku Leicester, maso ali psuu chifukwa cha mashifiti a usiku, foni ikalira n'kuyang'ana nambala kenaka n'kuibwezera m'thumba, ndimadziwa kuti tilipo ambiri.

Ngongole yanga inabwera ndi mapepala, maliro ndi mvula. Munthu wokhala kuno pa chiphaso chongowonjezera amalipira boma kawiri nthawi iliyonse: ndalama ya chiphaso chenichenicho, ndi ndalama ina ya chipatala ya NHS. Ya chipatalayo inali £400 pachaka kwa munthu mmodzi mu 2019, inakwera kufika pa £624 mu Okutobala 2020, ndipo kuyambira Febuluwale 2024 ili pa £1,035. Amafuna ya zaka zonse za chiphasocho pakamodzi, ndipo mutu uliwonse m'nyumba, ndi ana omwe, uli ndi mtengo wake. Tisanapume pa zimenezo, bambo anga anatisiya mu 2022. Tikiti yogula lero kuti unyamuke mawa kudzera ku Addis Ababa ilibe chifundo, ndipo utafika pali bokosi, galimoto, ndi chakudya cha anthu onse obwera kudzakhuza. Chaka chomwecho gasi ndi magetsi zinakwera koopsa kuno, ndipo mu Okutobala kukwera mitengo kwa zinthu kunafika pa 11.1 peresenti, chinthu chimene dziko lino linali lisanachionenso kwa zaka 41. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa nyumba ya apongozi anga ku Phalombe. Pa zonsezi palibe chimene munthu wamoyo akanakana, ndipo malipiro a munthu wa mu weyahausi sakanazikwanitsa. Zinapita pa makhadi.

Khadi la ngongole limafatsa poyamba. Mwezi ukatha silikuuza kuti ubweze zonse. Limangopempha kachigawo kochepa, ndipo ukamapereka kameneko umaoneka wokhulupirika, mpaka amakukwezera malire kuti utengenso zina. Koma makhadi ambiri amadula chiwongoladzanja choposa 20 peresenti pachaka, ndiye gawo lalikulu la kachigawo kaja limathera komweko, ngongole yeniyeniyo ili chikhalire. Kuli ngati kutunga madzi ndi dengu: miyendo ikutha popita kuchitsime, mtsuko uli wouma. Bungwe loyang'anira obwereketsa ndalama kuno, FCA, linakhazikitsa lamulo mu 2018 loti munthu akatha miyezi 18 akulipira zambiri ku chiwongoladzanja ndi zilango kuposa ku ngongole yeniyeniyo, kampani imulembere kalata yomuchenjeza. Kalata yoteroyo inandipeza. Pofika nthawi imeneyo malipiro ankalowa Lachisanu, Lolemba n'kukhala atatha, ndipo chakudya cha sabata imeneyo chinkagulidwanso pa khadi.

Ngongole imadwalitsa. Tulo timabalalika pakati pa usiku, mutu n'kuyamba kuwonkhetsa manambala omwewo amene unawonkhetsa dzulo, ngati kuti lero atuluka ena. Nsima siilowa. Mwana akapempha nsapato za mpira umamukalipira, pamene iye sanalakwe kanthu. Apolisi kwathu akhala akunena kuti ngongole ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu, makamaka amuna, akudzichotsera moyo. Kale ndinkawerenga nkhani zotero n'kumadabwa kuti ndalama chabe ingamufikitse munthu pamenepo. Lero sindidabwa. Si ndalamayo imene imapha, ndi kukhala nayo wekha usiku.

Mayi a kunyumba ndiwo anabwera ndi nambala ya foni ya bungwe lothandiza anthu a ngongole, ataimva kwa mnzawo wa kuntchito. Dziko lino lili ndi mabungwe othandiza anthu a ngongole osalipiritsa kanthu: StepChange, imene inayamba mu 1993 ku Leeds, National Debtline, Citizens Advice, PayPlan, ndiponso Christians Against Poverty, imene inayamba mu 1996 ku Bradford ndipo imagwira ntchito kudzera m'mipingo. Aliponso makampani amene amachita ntchito yomweyi koma n'kumadula chawo pa ndalama imene ukubweza mwezi ndi mwezi, ndipo amadziwa kudzitsatsa pa intaneti. Pa amenewa sindibisa maganizo anga. Munthu amene watitimira kale m'ngongole asalipire wina kuti amuthandize kubweza, pamene thandizo lomwelo likupezeka ulere. Paundi iliyonse yopita kwa mkhalapakati ikanafupikitsa ngongoleyo.

Ndinkayembekezera kudzudzulidwa, koma mlangizi amene ndinalankhula naye sanandifunse chifukwa chimene ndinakongolera. Anafunsa zimene zimalowa m'nyumba ndi zimene zimatuluka, chimodzichimodzi, mpaka sopo, ndalama yometera ndi yunifolomu ya ana. Kenaka anasanja zolipira zanga m'magulu awiri. Loyamba linali la zinthu zimene ukazilekerera ungataye nazo nyumba kapena kugona pozizira: lendi, msonkho wa khonsolo, gasi ndi magetsi, ndi chindapusa cha kukhothi kwa amene ali nacho. Lachiwiri linali la makhadi, ngongole ya kubanki, ndi katundu wotenga pangongole. Ambiri timayamba kulipira amene akukuwa kwambiri, ndipo okuwa kwambiri ndi a gulu lachiwirili, pamene khonsolo imangolemba makalata angapo mwakachetechete kenaka n'kupita kukhothi. Ndondomekoyi imatembenuza zimenezo. Banja lidye kaye, lendi ilipiridwe, m'nyumba mufunde, ndipo chotsalacho ndicho cha eni ngongole. Kumva munthu wachilendo akunena mosatekeseka kuti chakudya cha ana anga chili patsogolo pa banki kunandimasula mapewa amene anali atauma kwa chaka chathunthu.

Chotsalacho umachitumiza kamodzi pamwezi ku bungwelo, ndipo ilo limagawira eni ngongole molingana ndi kukula kwa ngongole ya aliyense. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi ngongole ya £12,000, theka lake ku banki imodzi, ndipo akalipira zofunika zonse amatsala ndi £200. Banki imeneyo ilandira £100, enawo agawana £100 inayo, ndipo ngati chiwongoladzanja chaimitsidwa ngongole yonse itha m'miyezi 60, zomwe ndi zaka zisanu. Akamatsala ndi £100 yokha, ndi zaka khumi. Masamu ake ndi omwewo basi. Tsiku limene anandiuza chaka chimene ndidzamalize, ndinawerengera n'kupeza kuti mwana wanga wamkulu adzakhala atatsiriza sekondale. Zinandiwawa kuti ubwana wake wonse wotsala udzadutsa tikumanga lamba. Komabe kanali koyamba kuti ngongole yanga ikhale ndi mapeto odziwika.

Pali zina zoyenera kuzidziwa usanalowemo, kuopa kudzakhumudwa. DMP si chigamulo cha khothi. Ndi pempho, ndipo mwini ngongole sakakamizidwa kulilandira kapena kuimitsa chiwongoladzanja, ngakhale ambiri amatero akaona bajeti yochokera ku bungwe lodziwika. Kwa ine ena anaimitsa msanga, ena anazengereza. Makhadi amatsekedwa, ndipo umalonjeza kuti sukongolanso kwina. Mbiri yako ya ngongole, imene amasunga a Experian, Equifax ndi TransUnion, imadetsedwa, ndipo chizindikiro choti unalephera kulipira monga mwa pangano chimakhalapo zaka 6. Ngongole zina zimagulitsidwa kwa makampani otolera, ndiye umangoona kalata ya dzina lachilendo ikunena kuti tsopano uzilipira kwa iwo. Mtima umadumpha, koma si ngongole yatsopano, umangodziwitsa bungwe lako. Ngati banki imene malipiro ako amalowera ili m'gulu la eni ngongole, amakulangiza kutsekula akaunti kwina, chifukwa banki imatha kudzitengera yokha chimene uli nayo ngongole. Ku England ndi ku Wales kulinso Breathing Space kuyambira Meyi 2021, masiku 60 amene chiwongoladzanja ndi kulondalonda zimaima pamene ukukonza mapepala ako, ndipo wokulembetsa ndi mlangizi.

Ife obwera tili ndi mantha ena amene eni dziko alibe, mantha a chiphaso. Ndamva anthu akunong'onezana kuti ukangovomera kuti walephera ngongole, akuthamangitsa. Kulephera kubweza khadi si mlandu wa kupolisi, ndipo palibe amamangidwa chifukwa cha zimenezo. Wotolera ngongole alibe mphamvu yolowa m'nyumba mwako kapena kulanda katundu, ndipo pa ngongole zoterezi olanda katundu amabwera pokhapokha khothi litagamula. Malangizo a unduna wa boma wa Home Office okhudza unzika amanena kuti kukhala ndi ngongole pakokha si chifukwa chomukanira munthu, makamaka ngati akuyesetsa kubweza. Imene ingasokoneze chiphaso ndi ngongole ya ku NHS ikafika £500. Aliyense afunse mlangizi wovomerezeka wa za mapepala pa nkhani yakeyake, koma asadwale ndi mphekesera za pa siteshoni ya basi.

DMP si njira yokhayo. Munthu wopanda nyumba yakeyake, amene ngongole yake siposa £50,000 ndipo amatsala ndi £75 kapena kucheperapo pamwezi, atha kupempha Debt Relief Order, ndipo ngongoleyo imafufutidwa pakatha miyezi 12 ngati zinthu sizinasinthe. Ndalama ya £90 imene ankalipiritsa popempha inachotsedwa mu Epulo 2024. Ine ndinasankha DMP chifukwa kotsala kanga kanali kokwanira, ndiponso malipiro anga amakwera n'kutsika ndi mashifiti, ndiye ndinkafuna pangano lotha kusintha. Koma sindidziona wolemekezeka kuposa amene ngongole yake inafufutidwa. Lamulo linaika njira imeneyo dala, kuti munthu asakhale kapolo wa ngongole moyo wake wonse.

Zonsezi n'zopepuka poyerekeza ndi chinthu chimodzi chimene chinali pa bajeti ija. Mlangizi ataona ndalama zopita ku Malawi mwezi ndi mwezi, anafunsa mwaulemu kuti zimapita kwa yani, ndiponso ngati zingachepe. Fomu imene amagwiritsa ntchito inakonzedwa poganizira banja la denga limodzi: bambo, mayi ndi ana awo. Ilibe malo a mbumba. Ndinayesetsa kumufotokozera kuti kwa ife Achewa ana a mlongo wako ndi udindo wako, kuti amalume athu atamwalira amene ndinatsala woyang'anira ndine, kuti mwana akabwezedwa kusukulu, denga likadontha, mayi akadwala, nkhani imafika kwa ine isanafike kwina kulikonse. Anamvetsera bwino. Analemba kandalama kochepa ka mankhwala ndi chakudya cha amayi, n'kundichenjeza kuti eni ngongole ena atha kufunsa za kandalama kameneko. Sindimuimba mlandu, ndipo eni ngongolewo sindiwaimbanso mlandu. Amene anandikongoza ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene akudikira zaka pamene ndalama ikuwoloka nyanja. Koma nditaika foni pansi ndinadziwa kuti zokambirana zenizeni sizinayambe. Mabanki anali atalandira kalata yawo. Kumudzi kunali kusanalandire.

Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ndinakula ndikuvomereza. Koma sananene kuti mutuwo uzibisa mabala. Kumudzi amadziwa kuti paundi imodzi ndi makwacha ambirimbiri, makamaka kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chimene sadziwa n'chakuti lendi ya kanyumba kakang'ono kuno imameza gawo lalikulu la malipiro munthu asanagule ngakhale mchere, ndipo sadziwa chifukwa sitinawauze. Timawatumizira zithunzi titaima pa chipale chofewa, titavala majekete owala. Uthenga ukabwera woti feteleza wakwera kapena teremu yatsegulidwa, timayankha kuti “ndiona”, kenaka n'kupita ku khadi. Ndalama ikalowa pa Mpamba kapena pa Airtel Money siinena kuti ndine wa ngongole. Abale athu akhala akudya ngongole zathu osadziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a iwo akanadziwa sakanalola.

Ndinayamba ndi amayi. Ndinawaimbira Lamlungu madzulo, nthawi imene amakhala atabwera kutchalitchi, ndipo titatha moni wa ana ndi wa mvula ndinati, “Amayi, ndili ndi ngongole yaikulu kuno. Ndapangana ndi eni ake kuti ndizibweza pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Ndalama imene ndinkatumiza ija ichepa.”

Anakhala chete mpaka ndinayesa kuti netiweki yadula. Kenaka anati, “Kodi akumangani, bambo?”

Nditawatsimikizira kuti kumangidwa kulibe, anafunsa ngati ana akudya, ndiponso ngati mayi awo akudziwa. Ndinati akudziwa zonse, tili limodzi. Pamenepo mawu awo anasintha, anakhala a mayi wokwiya ndi mwana amene wadzipweteka. Anati akanadziwa kuti ndalama ya maliro ija inali ya ngongole, akanagulitsa mbuzi n'kuchepetsa zina. “Inu mukamati kumeneko zili bwino, ife tikanatsutsa bwanji? Tinakapitako ife?”

Funso limenelo ndimaliganizira kawirikawiri. Timadandaula kuti akumudzi satimvetsa, pamene chimene akuchidziwa cha moyo wathu ndi chokhacho chimene tinawapatsa.

Kwa achemwali anga kunali kovutirapo, chifukwa ali ndi ana pasukulu. Tinagwirizana kuti ndizitumiza ndalama yodziwika pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse, yochepa koma yosaphonya, ndipo ya fizi azipatula kuchokera momwemo. Kunja kwa pamenepo kulibe china. “Achimwene, nanga akadwala munthu?” anatero. Ndinati tikambirana monga banja, aliyense n'kuponyapo chimene ali nacho, koma kukongola ndiye sindingathenso. Mwana wawo mmodzi anachoka ku sukulu yogonera komweko n'kupita ku sekondale yoyendera ya pafupi ndi mudzi. Chimenecho chimandipwetekabe, ndipo sindinganene kuti zinamukomera, chifukwa sukulu ziwirizo sizifanana. Alamu anachepetsa chimanga n'kuwonjezera soya, amene salira feteleza wambiri. Patapita nthawi achemwali anandiuza kuti ndalama yochepa yodziwika tsiku lake imawathandiza kukonzekera kuposa yambiri imene inkabwera atachita kulirira. Koma si onse anamvetsa. Msuweni wanga wina anati Ulaya wandisintha, ndipo mpaka lero moni wake ndi wozizira. Ndinasiya kudziteteza kwa iye. Pali anthu amene sungawakhutitse popanda kudzigwetsa m'dzenje lomwe lija.

Palinso mbumba ina kuno komwe, ya m'magulu a Amalawi pa WhatsApp. Mnzathu akamwalira, kutumiza thupi kumudzi kumafuna mapaundi masauzande angapo, ndipo timasonkha. Ndi chimodzi mwa zinthu zabwino kwambiri zimene tili nazo m'dziko la eni, ndipo mwina tsiku lina chidzanyamula ine. Koma zopereka zimalembedwa poyera, dzina ndi ndalama yake, ndipo mndandandawo umatumizidwa mobwerezabwereza mpaka ndalama itakwana. Munthu wa pa DMP akaona mayina a anzake ali ndi £50 kapena £100, dzanja limafuna kupita ku ndalama ya lendi, kapena kwa wakatapila, pakuti naye alipo kuno pakati pathu, ngakhale kubwereketsa ndalama mwa bizinesi popanda chilolezo cha FCA ndi mlandu. Ine ndimapereka £5 kapena £10 yochokera m'kathumba kamene tinapatula, ndipo dzina langa limalembedwa ndi nambala imeneyo, aliyense n'kuona. Kenaka ndimapita kukachezera pasiwa, kunyamula anthu pa galimoto, kusenza mipando. Kwathu amene alibe ndalama ya chipepeso amabwera ndi nkhuni, ufa kapena manja ake, ndipo palibe amamuwerengera. Ndikupempha oyendetsa magulu athu kuti azilemba mayina okha, nambala azizisiya kwa msungichuma. Ndalama idzakwanabe, ndipo wina sadzakongola chifukwa cha manyazi.

Za chopereka cha kutchalitchi ndinena mwachidule. Ndimapereka kuchokera pa chimene chili changa, ndipo ndalama imene ndinalonjeza kubweza kwa wina si yanga. Alaliki amene amauza anthu otopa kale kuti akafesa ndalama paguwa ngongole idzafufutika mozizwitsa akuwasenzetsa katundu wina pamwamba pa amene ali naye.

Miyezi yoyamba ili ndi mpumulo wake. Mafoni amachepa, tulo timabwerera, umayamba kumvanso kukoma kwa ndiwo. Povuta ndi pakati, pamene mantha atha koma mapeto ali kutali. Palibe amakuyamikira chifukwa chakuti mwezi uno walipira monga unalipirira mwezi watha. Anzako akugula nyumba kuno, ena akumanga ku Area 49, ena akupita kumudzi pa Khirisimasi ndi masutikesi odzaza, iwe ukuyerekeza mtengo wa mafuta ophikira ku Aldi ndi ku Lidl. Nsanje imabwera, ndipo ndaphunzira kungoilola idutse osaipatsa mpando. Makina ochapira akawonongeka kulibenso khadi lothawirako, ndipo apa ndi pamene kandalama kosunga kamene bajeti imalola mwezi uliwonse kamaonetsa ntchito yake. Poyamba ndinkakaona ngati kopanda pake, n'kumafuna kukaponya ku ngongole kuti ithe msanga, koma ndi kameneko kamene kamateteza pangano lonse kuti lisasweke pa vuto loyamba. Kamodzi pachaka bungwe limaunikanso bajeti yonse. Malipiro akakwera, cholipira chimakwera. Lendi ikakwera kapena mashifiti akachepa, umaimba n'kutsitsa, ndipo chofunika n'kunena usanaphonye, osati utaphonya. Yesero lina ndi ovataimu. Ndaona anthu akugwira usana ndi usiku kuti amalize msanga, mpaka kugwa ndi BP, kenaka n'kukhala miyezi osagwira ntchito konse. Ngongole ya zaka zambiri imafuna thupi loti lifike nayo kumapeto.

M'nyumba mwathu makalata timatsegula awiri, tsiku limodzi pa sabata, ndipo timatero masana, chifukwa kalata yomweyo usiku imaoneka yoopsa kuposa mmene ilili. Ana tinawauza molingana ndi misinkhu yawo, kuti tikubweza ndalama imene tinakongola, kuti nyumba ili bwino ndipo chakudya chilipo, koma zina zidikira. Ndaona kuti ana amapirira kusowa kwa zinthu mosavuta kuposa mmene amapiririra nkhope yokwinya ya bambo awo imene sakudziwa chifukwa chake. Tinasiyanso kandalama kochepa ka chisangalalo, kogulira ufa woyera ndi nsomba zouma ku shopu ya zakudya za ku Africa mwezi ukatha, kuti tidye monga kwathu. Bajeti yopanda chokoma chilichonse siikhalitsa. Masiku amdima sanatheretu, ndipo akabwera ndimanena. Dokotala wa kuno amamva nkhani za kusowa tulo ndi nkhawa monga amamvera za matenda ena onse, ndipo a Samaritans amayankha usana ndi usiku pa 116 123. Mwamuna kuimba nambala imeneyo si kufooka.

Inu muli kumudzi, m'bale wanu wa kunja akanena kuti mwezi uno alibe, mukhulupirireni, ndipo nthawi zina muzimuimbira yongofunsa mmene wadzukira. Koma makamaka ndikulankhula ndi inu anzanga a kuno, amene mwayamba kukongola uku kuti mubweze uko. Musadikire kuti khothi likulembereni. Sonkhanitsani makalata onse, lembani dzina la mwini ngongole aliyense ndi ndalama yake, ikani pambali mapepala a malipiro anu, ndipo imbani StepChange pa 0800 138 1111 kapena National Debtline pa 0808 808 4000. Kuimbako n'kwaulere, ndipo sauza abwana anu kapena mpingo wanu. Mukatha pamenepo, imbani kumudzi, muwauze amayi zoona zake.